Lipoti: dandaulo la kukopa anthu ndi unga pa ntchito yogawa chakudya mu Lusaka

Lipotili likufotokoza dandaulo limene ndinaitanidwa kukathandiza kuliunika, lokhudza ntchito yogawa unga, umene ku Malawi amati ufa, imene mpingo wina unkayendetsa m'komboni ina kumwera kwa mzinda wa Lusaka mu 2024. Ine ntchito yanga ndi kumasulira zikalata za mabungwe kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, chimene kuno timati Chinyanja, ndiponso kuphunzitsa mavolontiya malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Mpingowo, bungwe limene linapereka ndalama ndi anthu onse okhudzidwa sindiwatchula maina, chifukwa akugwirabe ntchito limodzi. Ndalembera makamaka omasulira anzanga ndi makomiti a mipingo amene amasayina mapangano a thandizo, popeza chiganizo chimene chinautsa mapiri pachigwa pano chimapezekanso m'mapangano ambiri otere, ndipo kawirikawiri anthu amachisayina osachifunsa.

Mmene zinthu zinalili

Chaka cha 2024 chinatipeza tili m'kati mwa kolera. Matendawa anabuka mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale odwala anachuluka moti bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo ogonekamo odwala, masukulu nawo osatsegulidwa mpaka mu Febuluwale. Maliro a kolera asanathe, mvula inadula chimanga chisanabereke. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Wa m'tauni salima, koma chilala chimamupeza pa mtengo wa unga. Madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo owotcherera mageti, ometa tsitsi ndi ogulitsa zozizira anangokhala manja ali lende. Mabanja amene kale ankagula thumba la makilogalamu 25 anayamba kugula timapaketi ta pamela, tokwanira nsima ya usiku umodzi.

Mpingo ukunenedwawu unapeza thandizo ku bungwe lina lakunja lomwe si lachipembedzo. Anagawana motere: bungwe lipereka ndalama zogulira unga, nyemba ndi mafuta ophikira, mpingo upereka bwalo, chipinda chosungira katundu ndi anthu ogwira ntchito. Ambiri mwa anthuwo anali a m'gulu la amayi ndi anyamata a kwaya, ogwira mosalipidwa. Olandira anasankhidwa ndi komiti ya m'dera, osati ya mpingo, ndipo komitiyo inayang'ana okalamba olera zidzukulu, olumala ndi mabanja ofedwa ndi kolera. Motero pa mndandanda panali anthu a mitundumitundu: Akatolika, a Sabata, a Mboni za Yehova, a mipingo ya Pentekosite, Asilamu angapo ochokera ku Chipata ndi ku Malawi, ndi ena oti kutchalitchi anasiya kalekale.

M'panganolo munali chiganizo chimodzi chachifupi, chonena kuti ogwira ntchito ndi mavolontiya asachite chimene Chingerezi chimati proselytise, ndiko kuyesa kukokera munthu ku chipembedzo chako, pa nthawi ya ntchito za pulojekiti. Mlembi wa mpingo, munthu wodziwa Chingerezi bwino ndithu, anachimasulira n'kuchimata pa khoma: "Musalalikire pa nthawi yogawa." Mavolontiya anamvera. Pa tsiku logawa panalibe ulaliki, Baibulo silinkatsegulidwa, ndipo iwo ankanyadira kuti akusunga lamulo ngakhale linali lowawa.

Dandaulo

Dandaulo linadzera pa nambala ya foni imene bungwe linalemba kuseri kwa makhadi olandirira chakudya. Anaimba ndi mnyamata wina m'malo mwa ambuya ake, Mkatolika wachikalekale amene amalera zidzukulu. Anati amayi awiri a mumpingo uja anabwera kunyumba kudzapereka khadi la mwezi wotsatira, anapemphera, ndipo potsanzika anati, "Ambuya, pa Sondo tionane kutchalitchi kwathu." Kuyambira pamenepo ambuyawo anasiya kupita ku Misa n'kumapita kumpingo wogawa unga, kuopa kuti akapanda kuoneka dzina lawo lifufutidwa. Mnyamatayo sanapemphe kuti wina alangidwe. Funso lake linali limodzi: kodi ambuya akabwerera ku Misa, unga adzalandirabe?

Bungwe linalembera mpingo kuti ndalama za gawo lotsatira ziyamba zaima mpaka nkhaniyi iunikidwe. Abusa anayankha ndi kalata yaukali, yonena kuti palibe amene analalikirapo, ndipo wofuna umboni abwere adzaone yekha. Mbali iliyonse inkanena zoona malinga ndi momwe inkamvera chiganizocho. Ine ndinapemphedwa kuona ngati kumasulira kwa pa khoma kunali kolondola, komanso kucheza ndi anthu m'chinenero chawo kuti zimveke bwino zimene zinkachitika.

Zimene ndinapeza

Ndinaonerera kugawa, ndinacheza ndi mavolontiya, kenaka ndinayendera olandira m'makomo mwawo popanda wa mumpingo wondiperekeza. Ndiyambe ndi zimene sizinachitike, chifukwa mphekesera inali itafika kale pamsika. Palibe amene anafufutidwa pa mndandanda chifukwa cha chipembedzo. Palibe amene anauzidwa kuti abatizidwe kaye. Katundu ankafika kwa eni ake ali wokwanira, ndipo mabuku a m'chipinda chosungira anali olongosoka kuposa a mabungwe ena akuluakulu amene ndawaonapo.

Vuto linayambira pa fomu yolembetsera. Fomu ya bungwe inalibe funso la chipembedzo, koma mlembi anawonjezera danga lakuti "Mpingo wanu". Cholinga chake chinali chabwino: ankafuna umboni woti sakukondera a mumpingo mwawo, poti m'komboni nkhani ya thandizo sichedwa kubala miseche. Koma kaundulayo ankagona mu ofesi ya tchalitchi, ndipo a komiti yofalitsa uthenga anatengamo maina ndi manambala a foni a onse amene analemba kuti "palibe" kapena "ndinasiya", ndi a okalamba ena amene anawaona kuti mipingo yawo siwayendera. Popeza amayi oyendera anthu m'makomo ndi omwewonso anali mavolontiya, ulendo wokapereka khadi unasanduka ulendo wokaitanira anthu kutchalitchi. Mayi wina anandiuza mosabisa, osaonapo n'cholakwa chomwe: "Nanga tipite kawiri, nsapato zithe? Tikapereka khadi tinenenso za Mulungu, basi."

Panalinso pemphero lotsegulira. Geti linkatsekedwa pemphero likayamba, ndipo manambala a pamzere ankaperekedwa pemphero litatha, kwa amene ali m'kati. A Mboni za Yehova sapemphera nawo pemphero la mpingo wina, choncho bambo wina wachikulire wa Mboni ankadikira kunja kwa geti pamodzi ndi Asilamu awiri atatu. Mwezi uliwonse iwowo ndiwo ankakhala kumapeto kwa mzere, n'kulandira dzuwa litapendeka. Palibe volontiya amene anali atazindikira zimenezi. Bamboyo sanadandaulepo kwa aliyense, anati anazolowera.

Ambuya a dandaulo aja nditawafunsa ngati wina anawaopseza, anaseka. "Ayi mwana wanga, amayi aja ndi aulemu. Koma munthu wakupatsa unga, ndiye akuitane, iwe unene kuti sindibwera? Ndi pakamwa pati?" Yankho limeneli ndinalimva m'makomo angapo m'mawu osiyanasiyana, ndipo ambiri olinena anali Akhristu a mipingo ina, osati Asilamu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Tonse tinakula tikudziwa kuti cholandira chimasiya ngongole, ndipo amene wakuitana atangokupatsa safunikira kukuopseza, ngongoleyo imalankhula yokha. Mavolontiya ankayang'ana zimene zatuluka pakamwa pawo n'kupeza kuti n'zaulemu. Olandira ankayang'ana khadi limene linali m'manja mwa woitanayo.

Tanthauzo la mawuwo ndi mmene amagwirira ntchito

Proselytise ndi kalembedwe ka ku Britain, kamene timatsatira ku Zambia kuno. A ku America amalemba proselytize, ndipo mchitidwewo amautcha proselytism. Muzu wake ndi wa Chigiriki, proselytos, kutanthauza munthu wobwera, amene wachoka kwina n'kudzalowa pakati pa ena. Ayuda a ku Alexandria, pomasulira malamulo a Mose m'Chigiriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndi mawu amenewa amene ankatchulira mlendo wokhala pakati pa Aisraeli, uja malamulowo amati asazunzidwe. Pofika nthawi ya Chipangano Chatsopano ankatanthauza munthu wa mtundu wina amene walowa Chiyuda. Amapezeka malo anayi okha: Mateyu 23:15, ndi katatu m'Machitidwe, pa 2:10, 6:5 ndi 13:43. M'Machitidwe mulibe chitonzo chilichonse pa anthu otere. Pa Mateyu pokha ndi pamene pali ukali, ndipo ukaliwo sukugwera wolowayo koma omukoka, alembi ndi Afarisi oyendayenda panyanja ndi pamtunda kuti apeze munthu mmodzi.

Mneni wake analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600. Dikishonale imangoti ndi kuyesa kuti munthu asiye chipembedzo, chipani kapena maganizo ake n'kutsatira ako. Koma za m'dikishonale ndi zina, za pakamwa pa anthu ndi zina. M'Chingerezi cha masiku ano mawuwa nthawi zambiri amanenedwa modzudzula, ndipo munthu sakonda kudzinenera yekha. Mkhristu wolankhula Chingerezi ponena za ntchito yake amati evangelism kapena witness, kutanthauza kufalitsa uthenga ndi kuchitira umboni. Proselytism amasungira a mpingo winawo akayamba kumutengera anthu. N'chimodzimodzi kwathu kuno: ife tikufalitsa uthenga, iwo akuba nkhosa. Alipo ochepa amene amawagwiritsa ntchito mopanda manyazi, monga a mpingo wa Latter-day Saints, amene kwa nthawi yaitali ntchito ya amishonale awo akhala akuitcha proselyting. Manyuzipepala nawo amawabwereka ponena za munthu amene sangakhale chete ndi chipani chake, kapena ndi kadyedwe katsopano kamene wakatulukira. Choncho womasulira ayenera kuyamba wadziwa kuti wolembayo waimira mbali iti.

Amene anakhwimitsa kusiyanitsaku ndi mipingo yomwe. Bungwe la World Council of Churches, lophatikiza mipingo yambiri ya pa dziko lonse, pa msonkhano wake wa ku New Delhi mu 1961, linalandira chikalata chosiyanitsa umboni wachikhristu ndi proselytism, imene linaiona ngati umboni wopotoka. Papa Benedict XVI ananena ku Aparecida m'dziko la Brazil mu 2007 kuti Mpingo sukula mwa njira imeneyo koma mwa kukoka mitima, ndipo Papa Francis anabwereza mfundoyi kambirimbiri. Mu 2011 ku Geneva, World Council of Churches, nthambi ya ku Vatican yoona za kukambirana ndi zipembedzo zina ndi World Evangelical Alliance anatulutsira pamodzi malangizo a mmene Mkhristu angachitire umboni pakati pa azipembedzo zina. Pa nkhani yathuyi malangizowo sazungulira: kudyera wosauka masuku pamutu, kapena kumunyengerera ndi mphatso, kulibe malo pa ntchito ya uthenga. Ndikutchula mabungwe atatuwa chifukwa pakati pawo akuimira mipingo yambiri ya m'komboni muja, kuphatikizapo banja la mipingo limene wogawa unga uja amachokera. Abusa akanakana mawu a bungwe lakunja, koma awa ndi mawu a kwawo.

Makhoti nawo anadutsa pomwepa. Minos Kokkinakis, wa Mboni za Yehova wa pa chilumba cha Crete, anamangidwa mu 1986 chifukwa chocheza za chikhulupiriro m'nyumba ya mayi wina wa mpingo wa Orthodox, popeza malamulo a dziko la Greece amaletsa proselytism. Mu 1993 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti Greece inamulakwira. Koma m'chigamulo chomwecho linati pali kuchitira umboni, kumene ndi ufulu, ndipo pali kukopa kosayenera, monga kulonjeza munthu chuma kapena mwayi wina kuti alowe mpingo, ndi kupanikiza anthu amene ali m'mavuto.

Chiganizo cha m'pangano lathu chinachokera ku mwambo wa mabungwe othandiza pa ngozi. Mu 1994 a Red Cross ndi mabungwe ena anagwirizana malamulo a makhalidwe, ndipo mfundo yachitatu imati thandizo lisagwiritsidwe ntchito pokweza chipani kapena chipembedzo, ndiponso lisamangiriridwe ku kuvomera chikhulupiriro. Malamulo omwewo amavomereza kuti bungwe likhoza kukhala ndi chipembedzo chake.

Choncho "musalalikire" inaphonya mbali ziwiri. Inawawitsa mitima poletsa chinthu chimene kwa Mkhristu ndi lamulo la Ambuye, komanso inasiya khomo losatseka, chifukwa kwa ife kulalikira ndi kuimirira ndi Baibulo pamaso pa gulu. Kunong'oneza ambuya pakhomo kuti tionane pa Sondo palibe angakutche ulaliki. Mlembi sindimuimba mlandu. Mawu ena amene akanasankha nawonso ali ndi zilema. "Kutembenuza" kumakumbutsa kutembenuka mtima, ntchito ya Mzimu Woyera, ndipo kulemba pa khoma la tchalitchi kuti musatembenuze anthu n'kuputa nkhondo. "Kukakamiza" n'kolemera kwambiri: aliyense amalumbira kuti sanakakamize munthu, ndipo amanena zoona. "Kuba nkhosa" ndi chitonzo, ndipo sikukhudza Msilamu kapena wosapemphera. Oyandikirako ndi "kukopa" ndi "kunyengerera", koma paokha sanena kuti wakopa ndi chiyani, pamene nkhani yonse yagona pa chokoperacho.

Msonkhano ndi komiti ya mpingo

Abusa anayamba ndi mfundo imene ndinkaiyembekezera. "Amayi, Zambia ndi dziko lachikhristu. Anthu akunja atiletse bwanji kunena za Yesu pa bwalo la tchalitchi chathu?" Ndi zoona kuti Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 Disembala 1991, ndipo zinalowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko mu 1996 n'kusungidwanso mu 2016. Koma chiganizo chomwecho chimapitiriza kunena kuti ufulu wa munthu aliyense pa chikumbumtima ndi chipembedzo ulemekezedwa. Gawo 19 limapatsa munthu ufulu wosintha chipembedzo ndi wochifalitsa, ndipo limalolanso malamulo oteteza munthu kuti apembedze popanda a chipembedzo china kumulowerera iye asanawaitane. Ndinawauza abusa kuti kufalitsa uthenga palibe wawaletsa, ndipo bungwe lilibe mphamvu yotero. Chimene anasayina ndi pangano la mmene unga wogulidwa ndi ndalama za eni ake udzagawidwire. Mlaliki amene amakwera basi ya ku Chipata pa siteshoni ya Intercity isananyamuke amakweza mawu kuposa wina aliyense, koma wokwera akatseka maso n'kugona mpando wake sulandidwa, pakuti tikiti sinachokere kwa mlalikiyo.

Amayi busa ndiwo anafunsa funso lolemera. "Ndiye tikapeza munthu akulira m'nyumba, mwana wake anapita ndi kolera, tingomupatsa khadi n'kutembenuka? Ife si a boma." Pamenepa ndinali nawo mbali imodzi, ndipo ndinanena zimenezi pamaso pa woimira bungwe. Kulikulu kwa bungwelo kunali maganizo oti pemphero lililonse lichotsedwe, ngakhale la mavolontiya okhaokha, ati kuti pasakhale chokayikitsa. Amenewa ndi maganizo a munthu wosadziwa Lusaka, kumene msonkhano wa makolo kusukulu, wa komiti ya madzi, ngakhale Nyumba ya Malamulo yomwe, zimayamba ndi pemphero. Bungwe linasankha mpingo chifukwa anthu amaukhulupirira, ndiponso chifukwa uli ndi amayi onyamula matumba tsiku lonse osafunsa alawansi. Chimene chimawadzutsa m'mamawa amayiwo ndi chikhulupiriro chomwecho chimene akulikulu ankafuna chibisike. Ndipo mawu a m'pangano saletsa kupemphera. Amene akuwatambasula mpaka pamenepo akuwalakwira, monganso anawalakwira amene anawafinya kuti atanthauze ulaliki wokha.

Zinthu zinafewa pamene mkulu wa mpingo wina, mphunzitsi wopuma, anapempha kuti tiwerenge Machitidwe 6, imene ndinali nditangoitchula podutsa. Kumeneko dandaulo ndi la kagawidwe ka chakudya: amayi amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki ankaiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane dandaulolo. Anasiyanitsa ntchito ya mawu ndi ntchito ya pagome, n'kusankhitsa amuna asanu ndi awiri, ndipo womaliza pa mndandanda ndi Nikolao wa ku Antiokeya, proselytos weniweni, munthu wobwera. Mkuluyo anatseka Baibulo n'kutembenukira kwa abusa. "Atate, ngati atumwi anagawa ntchito ziwirizi, ife tikuziphatikiziranji m'chikwama chimodzi?"

Sikuti onse anakhutira. Wapampando wa komiti yofalitsa uthenga anati mzimu wa munthu uposa thumba la unga, ndipo mwayi wolankhula ndi wotayika iye sangautaye chifukwa cha pepala. Anatuluka msonkhano usanathe, ndipo sanabwererenso pa ntchito yogawa.

Kumasulira kwatsopano ndi zimene zinasintha

Ndinalangiza kuti tisiye kusaka liwu limodzi, m'malo mwake titchule zochita. Chimene chinamatidwa pa khoma, n'kumawerengedwanso mokweza pa tsiku logawa kaamba ka osadziwa kuwerenga, ndi ichi:

"Thandizo ili ndi la aliyense amene ali pa mndandanda, kaya amapemphera kuti, kaya sapemphera. Wogawa asafunse mpingo wa munthu, asamuitanire kutchalitchi, ndipo asamupatse kapepala ka uthenga pa nthawi yolembetsa, yogawa kapena yokapereka khadi kunyumba. Maina ndi manambala a foni a olandira si oyendera anthu pa ntchito ya mpingo. Wosalowa nawo pemphero sataya malo ake pamzere."

Woimira bungwe anapempha kuti ndichibwezere m'Chingerezi kuti akulikulu akachione. Iwo anadabwa kuti chiganizo chawo chimodzi chabala zinayi, ndipo anafunsa ngati sindinawonjezere zanga. Ndinayankha kuti ndawonjezera zimene iwo ankaganiza polemba koma sanazilembe, poyesa kuti aliyense amazidziwa. Anachilandira ngati chowonjezera cha pangano, ndipo ndalama zinatulutsidwa.

Danga la mpingo linachotsedwa pa fomu, ndipo umboni wa kusakondera tsopano ndi siginecha ya komiti ya m'dera. Kaundula amasungidwa ndi mlembi yekha, ndipo masamba a maina amene anali m'kope la komiti yofalitsa uthenga anang'ambidwa pamaso pa onse. Makhadi amaperekedwa pa bwalo, kupatula a odwala osatha kuyenda. Manambala a pamzere amaperekedwa pa geti munthu akangofika, geti silitsekedwa, ndipo pemphero limachitikira pambali, wofuna apite. Ambiri amapitabe. Mnyamata wodandaula uja mlembi anamuimbira yekha foni kumuuza kuti dzina la ambuya ake silidalira kumene amapemphera. Za munthu wopezeka akulira m'nyumba tinagwirizana kuti akapempha yekha pemphero volontiya apemphere naye, koma khadi liyambe laperekedwa, ndipo pempherolo lisathere pa kuitanira.

Chimene sichinathe

Patsala funso limodzi: pulojekiti ikatha, amayi angayambenso liti kuyendera makomo amenewa? Amayiwo ndi anansi a olandira. Amatunga madzi pa kiyosiki imodzi, amakumana pa maliro. Masamba anang'ambidwa, koma nyumba amazidziwa pamtima. Abusa anati tsiku lomaliza kugawa likangodutsa mpingo ndi womasuka. Woimira bungwe ankafuna papite miyezi ingapo, poti olandira amayembekezera kuti thandizo lidzabweranso, ndipo ngongole ija siitha ndi thumba lomaliza. Pangano silinenapo kanthu, limangoti pa nthawi ya ntchito za pulojekiti.

Ine ndinapereka maganizo oti kuyendera kupitirire monga kunkachitikira thandizo lisanabwere, khomo ndi khomo motsata msewu, osadumpha nyumba za osalandira n'kulunjika za olandira, ndiponso kuti amene wanyamula makhadi mwezi umenewo asakhale m'gulu loyendera dera lomwelo. Amayi busa anati amayi odzipereka ndi ochepa, magulu awiri sangakwane, ndipo pamenepo sindinawatsutse chifukwa ndinawaona ndekha omwewo akutsitsa matumba, omwewo akulemba maina. Komiti inalemba kuti nkhaniyi idzakambidwanso pokonza pangano la gawo lotsatira. Ndapempha kuti pa zokambiranazo padzakhale mmodzi wa komiti ya m'dera amene si wa mumpingowo, ndiponso kuti panganolo lidzawerengedwe m'Chinyanja lisanasayinidwe.